Chimayambitsa Kusintha N'chiyani? Alimi a ku Chadiza ndi Magulu Awo

Funso lake ndi lotani

Boma la Chadiza lili m'chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, kum'mwera kwa Chipata, ndipo lachita malire ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique. Mpaka chaka cha 2012 dera la Vubwi linali mbali ya boma lomweli. Anthu ake, omwe ndi oposa 100,000, ambiri ndi Achewa a mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, amene chaka ndi chaka mu Ogasiti amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete. Chuma cha kuno chili m'nthaka ndi m'khola: chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa, thonje, fodya, ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba.

Kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu a dera lino sanasowepo wowauza kuti asinthe. Alangizi a zaulimi, abusa, andale, makampani a thonje ndi mabungwe omwe si aboma, aliyense wafika ndi uthenga wake: limani motere, lowani gulu, tumizani mwana kusukulu, kumbani chimbudzi. Zina zinamera mizu mwakuti lero palibe amakumbukira kuti zinali zachilendo. Njinga, foni ya m'manja ndi sola ya padenga sizinafune misonkhano ya pansi pa mtengo. Zina zinkaoneka zamphamvu galimoto ya bungwe ikadali kufika m'mudzi, koma zinazilala itangoleka kubwera. Kusiyana kumeneku kumachokera pati?

Tisanayankhe, tilekanitse zinthu zimene kawirikawiri zimatchulidwa ndi dzina limodzi. Kusintha kwa munthu ndi pamene mlimi mmodzi wasiya zimene ankachita n'kuyesa zina, akudziwa kuti zikakanika ana ake ndiwo agone ndi njala. Kusintha kwa mudzi n'kwina. Kumafika pamene chinthu chatsopanocho chaleka kusekedwa, ndipo wodabwitsa wakhala amene sakuchichita. Pakati pa ziwirizi pali mgwirizano, ndiye kuti maubale onse amene uthenga, mbewu, ngongole ndi kukhulupirirana zimadutsamo: chibale, chipongozi, mpingo, kalabu ya alimi, gulu losunga ndalama. Mbiri ya chigawo chino ikuonetsa kuti chimene chimadzutsa munthu ndi chimene chimamukhazika pa njira yatsopano si chimodzi, ndipo ntchito zambiri za chitukuko zinafa chifukwa eni ake ankadziwa kudzutsa kokha.

Mgwirizano umene unalipo kale

Achewa sanaphunzire kwa alendo kugwirira ntchito pamodzi. Munda ukakulira manja a banja, mwini wake ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana dima. Anthu ankalima tsiku limodzi, ndipo iye ankadziwa kuti mnzake akadzaitana sangakane. Pa maliro mudzi wonse umadziwa mbali yake popanda kalata: adzukulu kumanda, amayi kumadzi ndi kumiphika, khomo lililonse kambale ka ufa. Mbumba ili ndi mwini wake, ukwati uli ndi ankhoswe, dambwe lili ndi akuluakulu ake, tsimba lili ndi anamkungwi. Mipingo itafika inaonjezera magulu ake. Mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene unayambira ku Magwero mu 1899, uli ndi Chigwirizano cha amayi, ndipo Akatolika kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anagawa maparishi m'timagulu ta mabanja oyandikana.

Magulu amenewa akhala mibadwo popanda alawansi, ndipo zifukwa zake n'zosabisika. Ntchito yake ndi yooneka ndipo imatha: munda walimidwa, maliro aikidwa. Aliyense amaona amene wabwera ndi amene wajomba. Chilango cha wojomba n'chodziwika, ndipo chimayamba pang'ono n'kumakula: manong'onong'o, kudzudzulidwa pabwalo, chindapusa cha nkhuku, potsiriza kusiyidwa yekha tsiku la tsoka lake. Mayi Elinor Ostrom, katswiri wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza magulu osamala nkhalango, madzi othirira ndi malo odyetsera ziweto m'mayiko ambiri. M'buku lawo la 1990 anatchula zofanana ndi zomwezi: kudziwika bwino kwa amene ali m'gulu, malamulo opangidwa ndi eni ake, kuyang'anirana, ndi zilango zokwera pang'onopang'ono.

Komabe zakale tisazikometse mopitirira. Maubale omwewa amathanso kutsekereza kusintha. Mkamwini amene akulima munda wa kuchikazi amayamba wadzifunsa asanabzale mtengo umene mwina sadzaudyerera, ndipo munthu amene nkhokwe yake yadzaza anzake akugona ndi njala amaopa kunenedwa kuti ngokhwima.

Chikakamizo, makopaletivi ndi feteleza

Boma la atsamunda linayamba ndi kukakamiza. Litagula malo a kampani ya North Charterland mu 1941, linasamutsira anthu ambiri a chigawo chino ku malo atsopano n'kulamula kuti aziunda migula yoteteza nthaka. Nthaka inkakokolokadi, koma popeza wokana ankalipitsidwa, migula inasanduka chizindikiro cha kuponderezedwa. Kutsidya kwa malire, ku Nyasaland, malamulo a malimidwe anautsa mkwiyo waukulu, ndipo mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asawamvere. Ufulu utabwera alimi ambiri anaisiya migula, ngakhale m'minda imene inkafunikadi.

Makopaletivi anapatsidwa lamulo lawo mu 1948, ndipo chigawo cha Kum'mawa chinali patsogolo. Ku Petauke ndi ku Katete kunali mabungwe a alimi ogula ndi kugulitsa mtedza ndi mbewu zina dziko lisanalandire ufulu. Mu Januwale 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu ku Ndola, pulezidenti Kenneth Kaunda anapempha anthu kupanga makopaletivi, ndipo boma linkalipira gulu lililonse lozula zitsa potsegula munda. Magulu anabadwa mazanamazana. Ambiri anazula zitsa, kulandira ndalama, n'kubalalika, mwakuti pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ochuluka anali atafa, ngongole zili pamutu.

Amene anapirira ndi ogulitsa mbewu. M'zaka za m'ma 1980 iwowa anakhala dzanja la boma pogawa feteleza wa ngongole ndi kugula chimanga, pamodzi ndi bungwe la NAMBOARD limene linakhazikitsidwa mu 1969 n'kuthetsedwa mu 1989. Pa nthawiyi kusintha kunachitikadi, ndipo mwachangu. Chimanga cha haibulidi ndi feteleza zinafala chifukwa mtengo wa chimanga unali umodzi dziko lonse ndipo depoti inali pafupi. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 n'kumasula malonda, thandizolo linachotsedwa, bungwe la Eastern Cooperative Union linafooka, ndipo madera otalikira msewu waukulu monga Chadiza anatsala m'manja mwa ogula oyendayenda.

Feteleza wotsika mtengo anabwerera mu 2002, ndipo kuyambira 2009 ndondomekoyi imadziwika ndi dzina la FISP. Kuti mlimi alandire, ayenera kukhala membala wa kopaletivi kapena gulu lolembetsedwa, ndi kupereka gawo lake, lomwe kwa zaka zingapo lakhala K400. Zotsatira zake wa m'chigawo chino aliyense amazidziwa. Pali makopaletivi ambiri amene amadzuka mvula ikayandikira, kusonkhetsa ndalama, kulandira matumba, n'kugonanso mpaka chaka chamawa. Mamembala ake si aulesi, si akuba. Anapanga gulu lolingana ndi ntchito imene anapatsidwa, ndipo ntchitoyo ndi ya mwezi umodzi.

Mitengo yobwezera chonde m'nthaka

Chitsanzo chimene chafufuzidwa kwambiri m'chigawo chino, Chadiza ali m'kati, ndi cha mitengo yobwezera chonde. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a bungwe la ICRAF, mogwirizana ndi boma, anayamba kuyesa mitengo pa malo a kafukufuku a Msekera pafupi ndi Chipata. Anapeza kuti munda woguga ukagonekedwa zaka ziwiri kapena zitatu muli jerejere, chimanga chobzalidwa pambuyo pake chimatha kubereka kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi cha m'munda wosathira feteleza. Mizu ya mtengowu imathandiza kusunga m'nthaka nayitirojeni yochokera mumpweya, masamba ake amaola n'kufewetsa dothi, ndipo mlimi amapezanso nkhuni. Ombwe ndi gilisidiya zinayesedwanso.

Nzeru imeneyi ikanatha kuthera m'mabuku. Chimene chinaitulutsa ndi vuto. Feteleza anakwera mtengo thandizo litachotsedwa, ndipo chilala cha 1992 chinasiya nkhokwe zili gwa, mulibe kanthu. Mlimi amene zaka zisanu m'mbuyomo akanaseka mnzake wobzala mitengo m'munda wa chimanga tsopano anatchera khutu. Njira yakale ikadali kumudyetsa, munthu samvetsera za yatsopano.

Ofufuzawo sanagwire okha. Anamanga mgwirizano wa alangizi a boma, mabungwe monga World Vision, mipingo, magulu a amayi ndi alimi eni ake, ndipo onsewa ankakumana kukambirana zimene zatheka ndi zimene zakanika. Alimi ankatengedwa kukaona minda ya anzawo, ena n'kuphunzitsidwa kuti aziphunzitsa anzawo. Choposa zonse, alimiwo ankaloledwa kuikonza njirayo. Ndiwo anaonetsa kuti mbande zingazulidwe ku nazale popanda machubu apulasitiki n'kugwira bwinobwino, ndiponso kuti chaka choyamba mitengo ingabzalidwe pamodzi ndi chimanga kuti munda usagone pachabe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 obzala mitengoyi anali owerengeka. Patatha zaka khumi anali zikwi makumi angapo.

Kenako kunaoneka pamene mphamvu ya munthu mmodzi imathera. Mwa mwambo, zokolola zikachoka m'munda ziweto zimatayiriridwa, ndipo anyamata amatentha tchire posaka mbewa. Mlimi angasamale mitengo yake bwanji, sangaletse mbuzi za mudzi wonse kapena moto wochokera kutsidya kwa dambo. Nkhaniyi inapita kwa mafumu aakulu, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1990 Gawa Undi ndi Mpezeni anaika malamulo oti ziweto zizikhala ndi mbusa ngakhale m'chilimwe, ndiponso kuti wotentha tchire azilipira. Ofufuza amene anabwerera kukaona anapeza kuti lamulo la ziweto linkatsatidwa kuposa la moto. Chifukwa chake n'chapafupi: ng'ombe yogwidwa m'munda ili ndi mwini wake, moto ulibe. Anapezanso kuti mtolo wa lamuloli unagwera ana, pakuti ndiwo ankapita kubusa miyezi yoonjezerayo. Izitu zinali m'dera limene mwambo wolemba mnyamata ubusa wa zaka zingapo kuti adzalandire ng'ombe unali utayamba kale kulanda ana sukulu.

Mabungwe atamaliza ntchito zawo, feteleza wotsika mtengo n'kubwerera, ambiri anasiya kugoneka minda. Ena analibe malo okwanira oti munda udikire zaka ziwiri, ena anatopa ndi kachirombo kodya masamba a jerejere, ndipo ena ankabzala chifukwa chakuti mabungwe ankagula njere. Koma sizinathe zonse. Gilisidiya, amene amaphukira akadulidwa ndipo safuna kugoneka munda, wafalanso kudzera ku kampani ya COMACO. Kampaniyi inayamba mu 2003, imagula mtedza, soya, mpunga ndi uchi kwa magulu a alimi n'kuzigulitsa ndi dzina la It's Wild!, ndipo imaphunzitsa kudzera pa wailesi monga Breeze FM ya ku Chipata. Ulendo uno uthenga wa mtengo wabwera limodzi ndi sikelo ya wogula.

Akatswiri amasiyana pati

Akatswiri a zachuma amati munthu amasintha phindu likaposa chiopsezo, ndipo umboni ali nawo. Mu 2012 mtengo wa thonje unatsika pafupifupi ndi theka, ndipo chaka chotsatira alimi ambiri a Kum'mawa anachepetsa minda ya thonje popanda mlangizi kuwauza. Pa za magulu, Mancur Olson analemba mu 1965 kuti gulu likakula, aliyense amayembekezera kuti ena agwire iye adzadye nawo, pokhapokha patakhala phindu lopita kwa membala yekha. Maganizowa amalongosola bwino kufa kwa makopaletivi a zitsa. Chimene amalephera kulongosola ndi chifukwa chimene chinthu chaphindu, chotsika mtengo, chimafala m'mudzi uno n'kukanika m'mudzi woyandikana nawo.

Ena amati kusintha kumayambira mumtima. Mipingo yakhala ikunena zimenezi, ndipo Paulo Freire wa ku Brazil, m'buku lake la 1968, anaphunzitsa kuti anthu amadzuka akayamba kutchula okha mavuto awo, osati kuthiridwa nzeru za wina. Njira ya ukhondo imene Kamal Kar anayambitsa ku Bangladesh inatsata zomwezi: mudzi umayenda pamodzi kuloza malo amene anthu amadzithandizira, n'kuona wokha mmene ntchentche zimachokera pamenepo kukatera pa nsima, ndipo sipaperekedwa simenti kapena ndalama. Ku Zambia njirayi inayesedwa ku Choma mu 2007, ndipo pofika 2009 dera la Mfumu Macha linalengezedwa kuti anthu ake aleka kupita kutchire. Otsutsa amati manyazi amadzutsa msanga koma sakhalitsa, ndipo chimbudzi chikagwa ndi mvula si onse amakumbanso.

Gulu lina limakhulupirira atsogoleri ndi malamulo, makamaka pa nkhani ya maukwati a ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti amayi 29 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'Zambia anakwatiwa asanakwane zaka 18. Gawa Undi wakhala akulamula mafumu ake kuti athetse maukwati oterewa ndiponso kuti chinamwali ndi gule zisasokoneze sukulu. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inadziwika kutali chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu amene ankawalekerera. Mu Disembala 2023 Zambia inasintha lamulo la maukwati kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, ukhale wosavomerezeka. Mawu a mfumu ali ndi mphamvu yapadera pano chifukwa vutoli si la banja limodzi. Kholo limene likufuna kusunga mwana pasukulu limaopa pakamwa pa anzake, ndipo mfumu ikalankhula pabwalo aliyense amadziwa kuti anzake amvanso. Koma mwana wochotsedwa ku ukwati amafunika kopita. Lamulo lolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka lakhalapo kuyambira 1997, komabe kwa mabanja ambiri khomo linatseguka kwenikweni fizi itachotsedwa mu 2022.

Zimene zili ndi umboni wolimba

Mwa maganizo onse, amene ayesedwa mobwerezabwereza ndi akuti anthu amatengera anzawo owakhulupirira. Mu 1943 Bryce Ryan ndi Neal Gross anafalitsa kafukufuku wa mmene chimanga cha haibulidi chinafalira pakati pa alimi a ku Iowa ku America. Ambiri anamva koyamba kwa ogulitsa mbewu, koma amene anawakopa kuti abzale ndi anansi awo. Pakati pa kumva ndi kubzala pankapita zaka, ndipo pafupifupi onse ankayamba ndi kachigawo kakang'ono ka munda. Everett Rogers anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wotere m'buku lake la 1962, ndipo alangizi a zaulimi amaphunzirabe mfundo zake.

Umboni wapafupi ndi kwathu unachokera ku Malawi. M'kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, Lori Beaman ndi anzake anagwira ntchito m'midzi 200 pa ulimi wa m'maenje, umene ku chigawo cha Kum'mawa umatchedwa gamphani. M'mudzi uliwonse anaphunzitsa alimi awiri okha. M'midzi ina awiriwo anasankhidwa ndi alangizi monga mwa nthawi zonse, m'midzi ina anasankhidwa poona amene amachezerana ndi anthu ambiri, makamaka anthu amodzimodzi. Njira yachiwiriyi ndiyo inachititsa kuti ulimiwo uyambe kufala m'midzi yochuluka. Ofufuzawo anaona kuti alimi ambiri sakhutira ndi munthu mmodzi. Nkhani wamba, monga yakuti soya wakwera mtengo, imafala ndi pakamwa pamodzi. Chinthu chofuna thukuta ndi kuika chakudya cha banja pachiswe chimafuna kuti munthu achione kwa awiri kapena atatu. Choncho kuphunzitsa mlimi mmodzi m'mudzi uliwonse kuti lipoti lionetse midzi yambiri ndi kumwaza mphamvu.

Kafukufuku wina wa ku Malawi komweko, wa Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak, anaonetsa kuti alimi wamba, ofanana ndi anzawo pa chuma ndi kukula kwa munda, akapatsidwa kamphoto kochepa amakopa anthu kuposa alangizi a boma ndi alimi otsogolera. Izi n'zomveka. Mlimi wachitsanzo nthawi zambiri ali ndi ng'ombe, ngolo ndi aganyu, ndipo woonerera amangoti, "Aja ali nazo zochitira." Akaona mayi wamasiye wa khasu limodzi atakolola, alibenso ponamizira.

Koma anthu a mudzi umodzi amadziwa zinthu zofanana, ndiye chatsopano chimalowera pati? Mark Granovetter anaonetsa mu 1973 kuti anthu ambiri amamva za ntchito kwa anthu ongodziwana nawo, osati kwa abwenzi apamtima, chifukwa ongodziwana nawowo amayenda kwina. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku Chadiza alendo oterewa ndi mphunzitsi wosamutsidwa, namwino wa pakiliniki, woyendetsa lole wodutsa pa chipata cha Chanida, mwana wogwira ntchito ku Lusaka, ndi achibale a ku Mchinji kapena ku Angonia amene amakumana ku Mkaika. Mgwirizano wogwira ntchito umafuna mbali zonse ziwiri: maubale akutali obweretsa nzeru, ndi apafupi oitsimikizira. Ku Msekera mbali ziwirizi zinalumikizidwa mwadala, ndipo n'chifukwa chake jerejere anafika kutali chotero.

Zimene akutsutsanabe

Mkangano waukulu uli pa kuwerenga. Bungwe la Conservation Farming Unit linayamba kulimbikitsa gamphani mu 1996, ndipo malipoti a mabungwe akhala akutchula alimi ochuluka otsatira njirayi. Koma kafukufuku amene anatsata mabanja amodzimodzi m'dziko lonse anapeza kuti ambiri mwa amene ankalima motere mu 2004 anali atasiya pofika 2008. Oikira kumbuyo gamphani amati mafunso a kafukufukuyo sanagwire bwino zimene alimi amachita. Otsutsa amati mlimi wokumba maenje pa mizere khumi kuti dzina lake likhale m'buku la bungwe sanasinthe ulimi wake. Onse amavomereza chimodzi: kukumba maenje nthaka ili gwa mu Seputembala ndi kupalira kowirikiza ndi ntchito yolemetsa, ndipo yambiri imagwera amayi.

Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene ku Malawi amatchedwa banki m'khonde, nawonso ali ndi mkangano wake. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991. Anthu 15 mpaka 30 amagula masheya sabata ndi sabata, amabwereketsana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, bokosi limakhala ndi maloko atatu makiyi ali kwa anthu atatu, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Kuti magulu amenewa amapitirira bungwe litachoka, ndipo ena amabadwa okha poonera anzawo, palibe amakana. Ali ndi zonse zimene dima ndi chilimba, chija chosonkherana ndalama mosinthana, zinali nazo, ndipo ndalama zake ndi za eni ake. Chotsutsana n'chakuti kodi amachotsadi umphawi. Kafukufuku wa 2017 wa ku Ghana, Malawi ndi Uganda anapeza kuti mabizinesi a pakhomo anayenda bwino ndipo amayi anayamba kumveka pa zosankha za m'banja, koma chakudya ndi zogula za pabanja sizinaonjezeke moonekeratu. Palinso funso la otsalira: amene alibe ndalama ya sheya, monganso amene alibe K400 ya feteleza, salowa gulu lililonse.

Za alawansi nazo n'zovuta. Kamphoto koperekedwa anthu a m'mudzi ataphunziradi kanathandiza ku Malawi. Ndalama yoperekedwa chifukwa chongokhala pa msonkhano yaphunzitsa anthu ambiri kufunsa kaye kuti kukakhala chiyani asanapite. Malire a ziwirizi ndi opyapyala, ndipo mabungwe ogwira ntchito m'dera limodzi amapikisana pokweza mtengo wa kupezekapo.

Kwa amene akumanga gulu lero

Nkhaniyi yafika pofunika chifukwa ndalama za chitukuko zasendera pafupi ndi mudzi. Thumba la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Mbali ina ya ndalamazi imapita kwa makopaletivi ndi makalabu a amayi ndi achinyamata ngati thandizo kapena ngongole, zopempha zikudzera ku makomiti a chitukuko a m'mawadi. Chilala cha 2024, chimene pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chatsegulanso makutu a alimi pa za madimba, kuthirira ndi mbewu zopirira, monga chinachitira cha 1992. Ndiye kuti chodzutsa chilipo ndipo ndalama zilipo, koma zinalinso choncho mu 1965.

Kuchokera m'mbiri yonseyi, woyambitsa gulu angachite bwino kuyamba ndi anthu amene akugwirira kale limodzi kanthu kena, kaya ndi kwaya, chilimba kapena dimba, kusiyana ndi kulemba mayina atsopano. Gululo likhale laling'ono moti wojomba aziwoneka. Ntchito yoyamba ikhale yoti ithe m'nyengo imodzi ndipo phindu lake ligawidwe poyera, chifukwa kukhulupirirana kumakula anthu akagawana koyamba popanda mkangano. Malamulo alembe eni ake, ngakhale ataoneka osalongosoka kwa mlangizi. Wogula adziwike mbewu isanabzalidwe. Ndipo zimene munthu mmodzi sangathe kuletsa, monga ziweto, moto ndi madzi a m'dambo, zipite kwa mfumu msanga, pamodzi ndi funso lakuti lamulolo likaikidwa mtolo wake usenzedwa ndi yani.

Makomiti a m'mawadi ali ndi ntchito yovuta yosiyanitsa gulu lamoyo ndi lobadwira fomu. Satifiketi yolembetsera ndi akaunti ya kubanki sizithandiza pa zimenezi, pakuti magulu a mitundu yonse iwiri amakhala nazo. Chothandiza ndi buku la misonkhano ndi buku la ndalama: gululo linakumana kangati mu Juni ndi Julayi, nthawi imene kulibe cholandira, linasonkha zingati za m'thumba mwake, ndipo membala amene anachedwa kubweza ngongole anachitidwa chiyani.